Ndinati musasiye, alamu, koma osati mpaka kundisambitsa

Popeza nkhani yafika kale pa gulu la WhatsApp, ndipo ena mukuwonjezera zoti ndinakomoka, ndiyambe ndi kukana. Sindinakomoke. Ndinangokhala pansi pang'ono.

Peugeot 404 ya malemu malume ija inkangozima ikafika pamtunda. Aliyense amene anagwirapo galimoto ya kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, akudziwa kuti woyamba kumukayikira ndi pampu ya petulo. Pa 404 ya kabuleta pampuyo si yamagetsi ayi, imakankhidwa ndi injini yomwe, ndiye kuti muiyeze pamafunika wina woliza sitata. Ndinaitana alamu anga.

Geji yoyezera mphamvu imene pampu ikukankhira petulo (amayeza mu psi) ndinabwereka kwa makaniko wina, koma inali ya magalimoto amakono, yowerenga mpaka 100 psi. Kabuleta imangofuna cha m'ma 3 psi basi. Muvi sunagwedezeke n'komwe, ine n'kulengeza pamaso pa ana kuti pampu yafa. Pa geji yotero simungaone 3, ndipo mwini wake sanandiuze. Mundiweruze ndi zimenezo m'maganizo.

Ndiye ndinati tione ngati ikutulutsa n'komwe. Ndinazula waya wa koyilo, imene imatumiza moto ku mapulagi, kuti pasakhale moto, chinthu chimene inu oseka simukuchitchula. Ndinachotsa paipi pa kabuleta, kuilowetsa m'botolo la Sobo, n'kunena mawu amene anandipha: "Alamu, lizani, musasiye mpaka nditanena."

Analiza. Botolo gwa, louma. Paipi inali itatha petulo kalekale, pampu inkangokoka mpweya kuchokera kuthanki kumbuyo uko. Ine kuitulutsa paipi ija m'botolo, kuisuzumira, kenako kuiyandikitsa pakamwa kuti ndiuzire.

Pampu yakufa ija inadzuka.

Abale, petulo wa pampu imeneyi sabwera ngati wa pampopi. Amabwera modukizadukiza, tsaa, kupuma, tsaa. Loyamba linalowa m'kamwa. Pa kupuma paja ndinaganiza kuti zatha. Lachiwiri m'mphuno. Ndikanena "siyani" ndimeza, ndikatseka pakamwa alamu sasiya, ndipo boneti inali itanditchinga. Paipi ili m'manja mwangamu, botolo lili m'dzanja linalo, koma nzeru yoziphatikiza inali itapita ku Mchinji wapansi. Ndinangoima tsonga, masaya tutumu, ndevu zikudontha, ndikuwerenga ndalama zimene zikutsikira m'malaya. Petulo amene ndinamugonera pamzere, anthuni!

Alamu ali mkati akufuula: "Ikutulutsa, alamu?"

Ndinamenya boneti ndi botolo. Iwo anamva ngati ndikuti onjezerani.

Anasiya batire itatopa yokha. Atatuluka anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku patapata, n'kunena mwaulemu ndithu, "Koma ikuoneka kuti ndi yamoyo."

Ndinalavula, kutsuka m'kamwa, kusamba ndi sopo wochapira mpaka khungu kuyera mbuu. Mayi a kunyumba anandiletsa kuyandikira mbaula, nsima ndinadyera pansi pa mango, ndipo ndikageya ana ankathawa.

Makaniko uja atabwera anatsegula kasefa ka petulo, n'kupezamo dzimbiri la m'thanki lokwana kudzala supuni. Akuti akanayambira pomwepo. Zoona, koma sakanadziwa kuti pampu ili bwino popanda ine.

Galimotoyo sinalirebe. Tikudikira batire ya alamu, akuti abweretsa Loweruka.