Ulendo wapansi kuchokera ku Mandala kukafika ku HHI

Ulendowu ndi woyamba m'mawa dzuwa lisanakwere, ndipo poyambira pake ndi Mandala House mumzinda wa Blantyre. Nyumbayi inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, ndipo dzina loti Mandala linachokera ku magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi mwa oyang'anira kampaniyo. Lero pansi pake pali malo oonetsera zojambula ndi omwera khofi, pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi. Anthu amabwera, amakhala pansi, amachedwa. Nyumba yakale imapulumuka choncho.

Musanalowe, imani kaye pakhonde muone mmene latchingira makoma ku mvula ndi dzuwa. Aliyense wofuna kusandutsa nyumba yakale kukhala situdiyo kapena malo a ndakatulo ayambire pamenepo: denga, mipope yotsitsa madzi, ndi matabwa ngati chiswe sichinalowe. Penti ndi womaliza. Khoma la njerwa zakale likapakidwa pulasitala wa simenti kapena penti wa mafuta, chinyontho chimasowa potulukira. Chiperoni cha June ndi July chikadutsa, penti amatupa n'kuyamba kusupuka, pakona pamamera chuku. Laimu ndiye woyenera chifukwa khoma limapuma.

Zojambula nazo zili ndi malamulo ake. Pakati pa chithunzi pakhale pafupifupi mita 1.5 kuchokera pansi, kumbuyo kwake kusiyidwe kampata kolowa chala kuti mphepo izidutsa, ndipo chisayang'anizane ndi zenera la kumadzulo, apo ayi mitundu imafwifwa. Mazenera osawatseka ndi mashelefu. Magetsi akathima, kuwala kwanu ndi komweko.

Mukatsikira pa Victoria Avenue, kwezani maso pamwamba pa mashopu muganizire za chipinda chimene chingasanduke malo a ndakatulo. Chipinda cha simenti pansi ndi makoma osalala chimabweza mawu, moti wolakatula ndakatulo samveka kumzere wachitatu. Mankhwala ake sadula: mikeka pansi, nsalu yochindikala kukhoma limodzi, mipando yoluka m'malo mwa yapulasitiki.

Malizirani ku HHI (Henry Henderson Institute), pa tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott anamanga kuyambira 1888 mpaka 1891 asanaphunzirepo zomangamanga. Yandikirani khoma muone njerwa zoumbidwa mosiyanasiyana, zina zopindika, zina za mano, zonse zosapakidwa kanthu.