Nyimbo za mwezi wa Malichi ku Japan ndi zimene ndikutolamo

Aliyense amene akuphunzira Chijapanizi payekha amadziwa kuti buku la galamala silichedwa kutopetsa. Ine chimene chandigwira kuti ndisagwe ulesi ndi nyimbo, makamaka zakale zija zimene anthu a ku Japan a zaka za m'ma 40, 50 mpaka 60 amakonda kumvera chisanu chikamatha, m'miyezi ya Malichi ndi Epulo. Chijapanizi chili ndi malembo aliwu asanu, a, i, u, e, o, monga Chichewa, ndipo maphatikizo ake pafupifupi onse amathera pa lembo laliwu. Oimba ambiri a m'ma 1970 ndi 1980 ankatchula phatikizo lililonse momveka, mosathamanga, moti khutu lathu silivutika kutsatira. Ndimamvera mzere umodzi, n'kuimitsa, n'kuulemba m'kope mu hiragana (zilembo za Chijapanizi zoimira maphatikizo), kenako n'kuyerekeza ndi mawu osindikizidwa. Pofunika kutchera khutu kwambiri ndi pamene liwu lakokedwa kuti litalike, komanso pamene woimba wadukiza mpweya pang'ono pakati pa mawu, pakuti pamenepo tanthauzo limatha kusintha.

Koma chimene chandikhudza kwambiri si katchulidwe. Nyimbo zimenezi, ngakhale zimanena za nyengo imene mitengo ikuphuka ndipo kunja kwayamba kufunda, zambiri ndi zotsanzikana. Chifukwa chake chili pa kalendala. Chaka cha sukulu ku Japan chimatha mu Malichi, chatsopano n'kuyamba mu Epulo. Chaka cha zachuma cha boma ndi cha makampani ambiri chimayamba pa 1 Epulo, ndiye olembedwa kumene ntchito amayamba tsiku limenelo, ena amasamutsidwa kupita kumizinda ina. Nthawi yomweyo ndi imene mitengo ya sakura imachita maluwa, ku Tokyo chakumapeto kwa Malichi, ndipo sipatha milungu iwiri maluwawo asanayoyoke. Choncho munthu amene lero ndi wachikulire, nthawi zambiri zimene anasiyana ndi anzake, kusukulu kaya kuntchito, kunja kunali maluwa omwewo. Popanda kudziwa zimenezi, mawu a nyimbo ungawamasulire onse koma osamva chimene chikuwaliza eni ake.

Imene ndakhala nayo nthawi yaitali ndi Nagori Yuki. Anaipeka Ise Shozo, gulu la Kaguyahime linaiimba mu 1974, koma inatchuka zedi mayi wotchedwa Iruka ataiimbanso mu 1975. Nkhani yake ndi yaing'ono: mnyamata waperekeza mtsikana kusiteshoni ya sitima ku Tokyo, mtsikanayo akuchoka mumzindawo, ndipo kukugwa chipale chofewa chochedwa, chimene nyengo yake inali itadutsa kale. Palibe kukuwa kapena kulonjezana. Mnyamatayo akungoyang'ana wotchi, kenako akuyang'ana pansi, poopa kuti milomo ya mnzakeyo, ili kuseri kwa galasi la sitima, itchula mawu otsanzika. M'zaka zimenezo achinyamata ochuluka anali atachoka kumidzi pa sitima kukafuna ntchito ndi maphunziro ku Tokyo, ndiye siteshoni inali malo amene pafupifupi aliyense anasiyanapo ndi wina.

Chaka chomwecho cha 1975, Arai Yumi, amene atakwatiwa anadziwika kuti Matsutoya Yumi, anatulutsa Sotsugyo Shashin. Woimba akakhumudwa amatsegula buku la zithunzi za tsiku lomaliza sukulu. Tsiku lina anamuona m'tauni munthu wa pachithunzi uja, koma analephera kumulankhula, chifukwa munthuyo sanasinthe pomwe iye wasintha pokokedwa ndi moyo wa mumzinda. Ndikuganiza kuti nyimbo iyi imakula limodzi ndi womvera wake. Mwana wa zaka 18 amaimva ngati ya chikondi basi, koma wa zaka 55 amadzifunsa ngati mnzake wa kusekondale angamuzindikire mtima wake lero.

Mu 1985 kunatuluka nyimbo zitatu zotchuka za dzina limodzi, Sotsugyo, zonena za kumaliza sukulu. Ina inali ya Kikuchi Momoko, ina ya Saito Yuki, ina ya Ozaki Yutaka. Ya Saito Yuki, imene mawu ake analemba Matsumoto Takashi, ndi imene inandiphunzitsa mwambo wa batani: pa tsiku lotsanzikana, atsikana ankapempha batani la pachifuwa la yunifomu ya mnyamata amene ankamukonda, makamaka lachiwiri kuchokera pamwamba. Mtsikana wa m'nyimbomo akukana kulira pamwambowo, ngakhale akudziwa kuti anzake amutcha wouma mtima, poti akufuna kusunga misozi yake kufikira nthawi yowawa kuposa imeneyo. Ya Ozaki ndi yaukali. Akunena za ophunzira oswa mawindo a sukulu usiku, osakhulupirira akuluakulu, ndipo kumaliza sukulu kwa iye ndi kumasuka m'goli. Ozaki anamwalira mu 1992 ali ndi zaka 26 zokha. Amene anali ndi zaka 15 mu 1985 lero wadutsa 50, mwina iye ndiye mphunzitsi wamkulu kapena bwana amene ana akumuwukira. Ndimafunitsitsa nditadziwa mmene munthu wotero amamvera nyimboyi ikamalira m'galimoto mwake popita kuntchito.

M'badwo umenewo unkamvera nyimbo zofanana pa nthawi yofanana. Pulogalamu ya pa TV yotchedwa The Best Ten, imene inkaulutsidwa ndi TBS kuyambira 1978 mpaka 1989, inkasonkhanitsa banja lonse Lachinayi madzulo, m'mawa mwake ana n'kumakambirana kusukulu. N'chifukwa chake anzawo akale akakumana ku karaoke, wina akangoyamba Akai Sweet Pea ya Matsuda Seiko ya 1982, ena onse amalandira osayang'ana mawu.

Cha m'ma 2000 kunabwera nyimbo zambiri zotchedwa Sakura: ya Moriyama Naotaro mu 2003, ya Ketsumeishi ndi ya Kobukuro mu 2005. Ndi zokoma, sindikana, koma mtima wanga uli pa zakale zija. Zimakuonetsa zinthu zogwirika, wotchi, chithunzi, batani, ndipo kwa wophunzira chilankhulo liwu limene laphunziridwa limodzi ndi chinthu chooneka siliiwalika msanga.

Pakali pano ndili pa Haru yo, Koi ya Matsutoya Yumi, imene inatuluka mu 1994 ngati nyimbo ya sewero la m'mawa la dzina lomwelo pa wailesi yakanema ya NHK. Chivomezi ndi tsunami zitasakaza kumpoto chakummawa kwa Japan mu Malichi 2011, mwini wake anaijambulanso pamodzi ndi mawu a anthu ambiri pofuna kuthandiza okhudzidwa. Iyi ndi yolimba kuposa zonse zimene ndatchulazi, chifukwa mbali zina anazilemba m'Chijapanizi chakale cha ndakatulo, chokhala ndi mathero a aneni amene m'buku langa la oyamba kumene mulibe. Ndayamba kulemba mathero amenewo patsamba lakelake, lililonse pambali pa mnzake wa masiku ano, ndipo ndime yoyamba ndikuitha kuiwerenga tsopano. Yachiwiri ndiiyamba sabata yamawa.