Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Loweruka limene miyendo inandikana

M'gawo lapita lija ndinalekezera pa miyezi itatu ya maziko, Epulo mpaka Juni, imene anthu a triathlon, mpikisano wophatikiza kusambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga, amaitcha base. Lamulo lake linali limodzi: ukalephera kulankhula bwinobwino uli pa njinga, ndiye kuti wafulumira, chepetsa. Pa msewu wochoka kuno ku Chipata kupita ku boda ya Mwami anyamata onyamula anthu panjinga ankandipitirira, wina atakweza mayi ndi thumba la chimanga, ine n'kumangowasiya apite. Zinkandiwawa, koma mtima ndi mapapo zimakhwima ndi ulendo wautali wosapupuluma, ndipo ndinapirira.

Mpikisano umene ndinkakonzekera unali wa mtunda wa Olympic: kusambira makilomita 1.5, kupalasa 40, kuthamanga 10, zonse motsatizana popanda kupuma. Julayi atayamba ndinalowa gawo lotchedwa build, masabata 8 ophunzitsa thupi liwiro la tsiku la mpikisano. Maola sawonjezeka kwenikweni. Chimene chimasintha ndi kuwawa kwake.

Lachiwiri ndinkapita pa chitunda china cha kufupi ndi phiri la Kanjala. Kukwera mwamphamvu mphindi 4, kutsika pang'onopang'ono, kubwereza kasanu. Zosambira ndinkachitira pa dziwe la pa malo ena ogona alendo, chifukwa m'madamu ndinkaopa likodzo. Mamita 100 kakhumi, kupuma masekondi 20 pakati, m'madzi a mu Julayi ozizira mpaka mano kugundana.

Koma chimene sindidzaiwala ndi Loweruka loyamba la brick, kutanthauza kutsika pa njinga n'kuyamba kuthamanga nthawi yomweyo. Ndinapalasa makilomita 40, cha ku Mwami n'kubwerera. Amalume anali pa geti kudikira kuti andilandire njinga, nsapato zothamangira ataziika pa njerwa, zingwe atamasuliratu. Ndinavala mwachangu n'kunyamuka. Abale, miyendo sinali yanga. Ntchafu zinalemera ngati andimangirira mitondo, phazi likagunda pansi sindinkalimva, msana ukufunabe kuwerama monga unalili pa chishalo. Kwa ola ndi theka minofu inazolowera kuzungulira, tsopano ndinkaiuza kuti inyamule thupi lonse. Patangotha mphindi 6 ndinaima pansi pa mtengo wa mango, manja pa mawondo.

Amalume anabwera akukankha njinga yanga. Iwowa pa unyamata wawo anapalasa kwambiri njinga ya Eagle, ija inkapangidwa konkuno ku Chipata ku Luangwa Industries, akunyamula mtedza ndi thonje kuchokera kumudzi. Za triathlon sakuzidziwa, koma miyendo amaidziwa.

"Mphwanga, watambasula kwambiri miyendo. Ponda pafupipafupi, ngati ukuwoloka pa mlatho wa mitengo. Ndipo ukamayandikira kunyumba uzipeputsa giya, miyendo ipume usanatsike."

"Chabwino amalume, ndamva."

Ndinamvadi, koma pena ndinalakwa ndekha. Poona kuti ndatsalira, ndinayamba kulimbikira tsiku lililonse, ngakhale masiku amene anayenera kukhala opepuka. Pofika sabata yachitatu tulo tinasowa. M'mawa ndikagwira pa mkono kuwerenga kugunda kwa mtima ndinkapeza 63 pa mphindi, pamene kale ndinkapeza 54. Nsima sinkakoma. Mayi a kunyumba anandifunsa modekha kuti bwanji ndikukalipira ana pa zinthu zazing'ono, ndipo funso limenelo linandilasa kuposa chitunda chilichonse. Ine ndimaona kuti ambiri amagwera pomwepa: gawoli limafuna masiku awiri kapena atatu okha olimba pa sabata, ena onse akhale ofewa ngati a nthawi ya maziko, kenako pakatha masabata atatu, yachinayi ikhale yopumitsa thupi.

Sabata yachinayiyo ndinadula zonse pakati. Ndinagona, ndinadya, ndinaperekeza ana ku msika wa Kapata tikuyenda wapansi. Mtima unabwerera pa 55.

Loweruka la sabata yachisanu ndinapeputsa giya kutatsala makilomita awiri, monga ananenera amalume. Ndinawapatsa njinga, ndinavala nsapato, ndinaponda pafupipafupi. Kilomita yoyamba miyendo inali yolemerabe. Ndikudutsa mtengo wa mango uja ndinamva ntchafu zikumasuka, mpweya ukulowa bwino, ndipo ndinathamanga mphindi 25 osaima. Pobwerera ndinapeza amalume atakhala pa njerwa paja, akupukuta tcheni cha njinga yanga ndi kansanza.