Zoimikira galimoto pa hotelo ku Orlando zinatidyera m'mawa wonse womaliza

Tabwerako ku Orlando, mzinda wa ku Florida ku America, Lamlungu usiku. Ana akungoonetsana zithunzi, koma ine mtima sunatsikebe chifukwa cha nkhani ya galimoto. Abale anga, ngati mukukonza zopita ndi banja ku Disney World kapena ku Universal, imbani foni ku hotelo musanalipire kalikonse. Osati ku kampani ya pa intaneti yomwe mwapezapo chipinda, ayi, ku hotelo kwenikweniko. Afunseni kuti usiku umodzi ndi ndalama zingati akaphatikiza malo oimika galimoto ndi msonkho, ndipo yankholo akutumizireni pa imelo.

Ine sindinatero. Tinanyamuka ku Atlanta masana, tinatsika ndi msewu wa I-75 n'kulowa wa Florida's Turnpike, ndipo pa hotelo tinafika 9 koloko itadutsa, wamng'ono atagona paphewa pa amayi ake. Mtsikana wa pakauntala anandifunsa nambala ya galimoto, kenako n'kunena mwaulemu kuti kuimika ndi madola 28 usiku uliwonse, msonkho padera. Ndinafunsa ngati pali pena poimika. Panalibe. Bwalo lonse n'lotchingidwa, geti lake limatsegulidwa ndi khadi ya chipinda, ndipo mumsewu wa kunjawo simungasiye galimoto usiku wonse. Ndi ana atatu otopa chonchija mukanapita kuti? Ndinasaina.

Chinandisocheretsa ndi mnzanga wa kutchalitchi amene anandiuza kuti masiku ano mahotelo a kumeneko salipiritsa galimoto. Sananame kwenikweni, koma amanena za mahotelo a Disney okha. Iwo anayamba kulipiritsa mu March 2018, kuyambira madola 13 mpaka 24 pa usiku malinga ndi mtundu wa hotelo, anthu anadandaula zaka zingapo, ndipo mu January 2023 anachotsa ndalamayo. Ife tinagona pa hotelo ya eni ena, kunja kwa malo a Disney, ndiye izi sizinatikhudze. Komanso ogona kwa Disney salipira poimika galimoto pa mapaki awo, pomwe ife tsiku lililonse timasiya madola osachepera 30 pageti la paki. Galimoto imodzi, kulipira kawiri pa tsiku.

Ndinkadalira lamulo la FTC, bungwe la boma la America loteteza ogula, lomwe linayamba kugwira ntchito mu May 2025, loti mtengo wa hotelo womwe mukuona uzikhala utaphatikiza kale ndalama zonse zokakamiza, monga ija amati resort fee, yolipirira zinthu za pa hotelo padera pa chipinda. Imeneyo inalimodi mu mtengo. Koma za galimoto amaziwerenga ngati zosankha, poti si aliyense amabwera ndi galimoto, ndipo msonkho nawonso akhoza kuusiya pambali. Ku Orange County, dera lomwe muli Orlando, msonkho wa chipinda ndi 12.5 peresenti. Muwerengeretu muli kunyumba.

Zonsezi ndikanapirira. Chinandipweteka ndi Lamlungu m'mawa. Tinalonjeza ana kuti asambira padziwe la hoteloyo tisananyamuke, ndiye ndinatsika cha m'ma 8 kuti ndingotenga lisiti. Pepala lija nditaliyang'ana, mzere wa galimoto unalembedwa kawiri usiku uliwonse kuyambira wachiwiri. Madola 112 owonjezera, msonkho usanalowe. Ndinakumbuka kuti Lachitatu madzulo khadi yanga inakana kutsegula geti, magalimoto atandandana kumbuyo kwanga, ndipo atandipatsa ina analembetsanso nambala ya galimoto ngati kuti ndabwera ndi yachiwiri.

Mnyamata amene ndinamupeza anavomera kuti kwalakwika, koma anati alibe mphamvu zochotsa ndalama pa bilu. Anati za geti zimayendetsedwa ndi kampani ina, ndipite kukanyumba kawo ka pakhomo. Ndinayenda padzuwa lija mpaka kumeneko, n'kupeza bambo wina amene anandiuza kuti iwo amangoyang'anira geti, za ndalama ndi za hotelo. Ndinabwerera, mzere utafika pakhomo chifukwa Lamlungu aliyense amatuluka. Manejala anafika 11 koloko ili pafupi. Kukonza kwakeko sikunatenge ngakhale mphindi zisanu. Nthawi imeneyo n'kuti mayi a kunyumba atatsitsa kale zikwama, ana atakhala pamwamba pake ndi zovala zosambira zouma, wamkulu akungondiyang'ana osalankhula.

Ndiye bilu yanu muziipempha usiku woti mawa mukunyamuka, pakauntala pali phee, osati m'mawa. Khadi ya chipinda ikasinthidwa, funsani pomwepo kuti pa dzina lanu palembedwa magalimoto angati. Ndaiwala kunena za khadi ya kubanki: polowa ndinapereka ya debit, ndipo anatsekereza ndalama zina za chikole zomwe sindikanatha kugwiritsa ntchito sabata yonseyo. Ngati muli ndi ya credit, perekani imeneyo.

Hoteloyo inali ndi basi yopita ku mapaki, koma inkanyamuka kawiri kokha m'mawa ndipo malo ankafunika kulembetsa dzulo lake. Zimenezinso ndikanazidziwa ndikanaimba foni ija. Imbani, ndipo imelo yawoyo muisunge pafoni kuti muwaonetse pakauntala.

Madola 112 aja anati abwerera ku akaunti pakatha masiku angapo a ntchito. Lero ndi Lachinayi, ndayang'ananso m'mawa uno, sanalowebe. Mawa ndiwaimbira, lisiti lokonzedwa lija lili patebulo pano.