Zikomo Nonse Amene Munatiuza Nkhani Zanu

Lipoti la kawuniwuni wa ntchito yathu yothandiza anthu okhudzidwa ndi namondwe wa Freddy lalandiridwa, ndipo otithandiza avomera kuti ntchito ipitirire m'midzi ya ku Nsanje ndi Chikwawa. Oyamba kuwathokoza ndi inu eni nkhani zimene zadzaza lipotilo.

Chichokereni namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, bungwe lathu lakhala likuyeza ntchito yake ndi manambala: mbuzi zagawidwa zingati, mabanja asamukira kumtunda ndi angati, magulu a banki mkhonde akuyenda ndi angati. Manambala ndi ofunika ndithu, ndalama za eni zimafunika kulongosoledwa. Koma ulendo uno tinapempha kuti tikhalenso pamphasa ndi anthu, n'kuwafunsa funso limodzi: chasintha kwambiri n'chiyani pa moyo wanu chiyambire ntchitoyi? Njira yofunsira anthu motereyi anaiyambitsa katswiri wa kawuniwuni Rick Davies ku Bangladesh m'zaka za m'ma 1990. Nkhani zikasonkhanitsidwa, anthu amakambirana n'kusankha imene akuiona yaikulu, ndipo amanena chifukwa chake.

Agogo anga a ku Makhanga, dzina sinditchula monga tinapanganirana, koma zikomo. Pa fomu, banja lanu linalembedwa kuti linasamuka bwino ndipo linalandira mbuzi. Zonsezo n'zoona. Koma munatiuza kuti nyumba ili kumtunda pamene dimba linatsala m'mbali mwa Shire. Kuti mumadzuka tambala woyamba, khasu paphewa, n'kubwerera masana dzuwa la kuchigwa kuno likuswa mtengo. Kuti mbuziyo munaigulitsa mwezi umene miyendo inatupa n'kulephera kukalima. Munatisonyeza ndi chingwe chake chomwe, chili chipachikire pakhonde. Palibe fomu imene inafunsapo mtunda wa pakati pa nyumba ndi munda. Anzanu atamva, anasankha nkhani yanu mosatsutsana, poti ambiri anadziona momwemo. Lero gawo lotsatira la ntchitoyi liyamba ndi madzi komanso timinda tothirira pafupi ndi malo atsopano, mbuzi zibwera pambuyo.

Mafumu athu, tikuwomba m'manja. Munatilandira, kenako n'kudzuka dala kukakhala patali kuti amayi ayankhule momasuka. Zimenezi si zapafupi, ndipo ife tinaona.

Achinyamata amene munkamasulira kuchokera m'Chisena, munagwira ntchito yolemetsa. Pamene wina anadandaula kuti mbewu inafika mvula itadutsa kale, munalemba momwemo osathira shuga. Pamene mayi wina analira pokumbukira usiku umene Ruo anasefukira, munazimitsa foni yojambulira mawu n'kudikira. Ulemu wotere sitinachite kukuphunzitsani ife.

Sindikuiwala eni mabwato amene munkatiwolotsa, akabaza a pa Bangula, ndi anzanga a muofesi amene munachezera kutayipa magetsi atavuta. Nanunso amene munakana kujambulidwa, zikomo ponena maganizo anu poyera. Nkhani ndi yanu, simunalakwe.

Kwa otithandiza: munawerenga ndi nkhani zowawa zomwe, ndipo simunatiuze kuti tichotseko. Mantha tinali nawo, poti mabungwe ambiri amaopa kuti akanena zolephera thandizo liduka. Inu munafunsa mafunso, n'kusintha bajeti.

Mvula isanayambe tibweranso m'midzi yonse imene tinayendamo kudzawerenga lipotili pabwalo, m'Chisena ndi m'Chichewa. Amene aone kuti mawu ake sitinawalembe bwino adzatiuze pomwepo, tidzakonza. Mafumu adzalengeza masiku ake.