Zikomo kwa onse amene munatithandiza pa matenda a Kansato

Kwathu timati kupha njoka n'kudula mutu, koma ine ndi banja langa takhala miyezi inayi kuno ku Leicester, ku England, tikulimbana ndi ntchito ya mtundu wina, yopulumutsa mutu wa njoka. Lamulungu lapitali Kansato, nsato yathu yoweta, anagwira yekha khoswe kwa nthawi yoyamba chidwalireni mu Febuluwale, ndipo ndaona kuti sikungakhale kulemekeza anthu amene anatigwira mkono ngati nditangokhala chete.

Kwa inu amene simumudziwa, Kansato si nsato zikuluzikulu zija zimameza mbuzi kumudzi. Ndi wa mtundu wa Python regius, umene kwawo ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, m'mayiko monga Ghana, Togo ndi Benin. Alibe ululu, kutalika kwake kumangopitirira pang'ono mita imodzi, ndipo akachita mantha saluma koma amadzikulunga ngati mpira n'kubisa mutu pakati. Njoka zimenezi zimakhala zaka 20 mpaka 30, choncho pamene tinamulandira kuchokera kwa banja lina limene linkasamuka, tinkadziwa kuti walira mvula walira matope.

Matopewo anafika usiku wina. Njoka sipanga kutentha kwa m'thupi mwake, motero khola lake lagalasi limayenera kukhala lofunda mbali imodzi, pafupifupi madigiri 32, ndi lozizirirapo mbali inayo, cha m'ma 26, kuti iyo izisankha yokha pogona. Kachipangizo koyang'anira kutenthako, thermostat, kanafa tili m'tulo, ndipo chotenthetsera chinayaka osalekeza mpaka m'mawa. Mwana wanga wamwamuna ndiye anamupeza ali chagada, khosi litapotoka, mutu utaloza kumwamba ngati akuwerenga nyenyezi, ndipo tikamutembenuza ankabwereranso chagada. Mlandu ndi wanga, chifukwa ndinkadalira kachipangizo kamodzi popanda china chotichenjeza. Mwanangu, zikomo kuti sunachite phuma lomuthira madzi ozizira, koma unazimitsa chotenthetsera, n'kumuika pamalo ozizirirapo kuti thupi litsike pang'onopang'ono, kenaka n'kudzatidzutsa.

Kuthokoza kwanga kwakukulu kupite kwa adokotala a ziweto odziwa za zokwawa, pamodzi ndi anamwino awo, amene anatilandira tsiku lomwelo. Ine ndinali nditagamula kale kuti vuto ndi kutentha, koma iwo sanafune kuthamangira yankho lapafupi. Anayamba ndi kufunsa ngati Kansato ali wa mawanga otchedwa spider, pakuti nsato zobadwa ndi mawanga amenewo zimabadwanso ndi vuto logwedeza mutu, n'chifukwa chake bungwe la International Herpetological Society linaletsa kuzigulitsa pa zionetsero zake mu 2018. Anafunsanso ngati tinapoperapo mankhwala ophera tizilombo m'chipindamo, popeza mankhwala otere amaononga mitsempha ya njoka, ndipo anasanthula mamba ake kufunafuna utitiri. Pomaliza anatchula matenda amene aliyense woweta nsato amawaopa, inclusion body disease, oyamba ndi kachilombo ka m'gulu la arenavirus. Zizindikiro zake n'zofanana ndi zimene tinkaona, alibe mankhwala, ndipo nsato zikawatenga kawirikawiri sizikhalitsa. Anatenga magazi kuti akayezedwe, anamubaya madzi pansi pa khungu, n'kutiuza mosabisa kuti zotsatira zikakhala zoipa tidzayenera kuganizira zomupha mosamva ululu kuti asavutike. Masiku amene tinkadikira zotsatirazo anali aatali kuposa miyezi yonse yotsatira. Zinabwera zosonyeza kuti kachilomboko sikanapezeke, ndipo titayezanso kachiwiri patapita milungu ingapo, yankho linali lomwelo.

Chotsala chinali kudwazika, ndipo apa ndiyenera kuwagwadira mayi a kunyumba. Iwo ndi munthu amene poyamba sankalowa n'komwe m'chipinda muli khola, koma ine ndikakhala ku ntchito ya usiku ndi iwo amene ankadzuka kawiri kukaona ngati wodwala sanagwere chagada. Tinachotsa nthambi zonse kuti asakwere n'kugwa, pansi tinayala mapepala oyera kuti tiziona msanga chilichonse chachilendo, ndipo mbale yamadzi tinaisintha n'kuika yosazama, chifukwa njoka yolephera kudzutsa mutu itha kumira m'madzi osakwana n'chala chomwe. Loweruka lililonse ankamuika pa sikelo ya kukhitchini n'kulemba m'kope. Nsato za mtundu uwu zimatha kukhala miyezi osadya popanda choopsa, choncho chimene adokotala ankafuna kudziwa si kuchuluka kwa masiku a njala koma kutsika kwa thupi, ndipo kope limenelo ndi limene linawatsimikizira kuti tisamukakamize chakudya, chinthu chimene chikanangomuonjezera mantha.

Ndithokozenso bambo wina wachingerezi woweta njoka kwa zaka zambiri, amene sitinkadziwana n'komwe, koma atamva za vuto lathu anayendetsa galimoto usiku kudzatibwereka thermostat yake, ndipo pambuyo pake anatiphunzitsa kadyetsedwe. Nsato imaona nyama ndi timaenje tomva kutentha tili pamlomo wake, choncho khoswe wochokera mufiriji amayenera kusungunuka bwino ndi kufunditsidwa kumutu, kenaka kugwiridwa ndi chopanira osamugwedeza, pafupi kwambiri, pakuti njoka yozunguzika mutu imaphonya ikalumpha. Kansato anaphonya kambirimbiri, nthawi zina n'kudziluma yekha, ndipo makoswe amene tinataya sindinawawerenge.

Abale a kumpingo ndi anzanga a ku Malawi kuno, ndikudziwa kuti nkhani ya munthu wosunga njoka m'nyumba siimveka bwino m'makutu athu, ndipo manong'onong'o akuti mwina ndinakhwimira chuma anandipeza. Sindikusunga mangawa, chifukwa nanenso ndinakula ndikudziwa kuti njoka ikaoneka pabwalo anthu amathamangira ndodo. Koma ena mwa inu munabwera, munaima pakhomo la chipinda manja ali kumbuyo, n'kufunsa kuti wodwala wagona bwanji, ndipo mmodzi anatibwereka ndalama ya kuchipatala osafunsa tsiku lobweza. Amayi anga ku Dedza, inu munandiuza pa foni kuti mwana wanu wapenga, ndiponso kuti kudyetsa njoka mbewa n'kuononga ndiwo, komabe sabata iliyonse munkafunsa kuti, "Nanga chinyama chanu chija chadya?" Amayi, chadya.

Kansato sanachire kotheratu, ndipo adokotala atiuza kuti mitsempha yoonongeka ndi kutentha siibwerera yonse. Mutu umanjenjemerabe akasangalala kapena akadzidzimuka, ndipo nthambi sitidzamubwezeranso. Koma tsopano tikamugoneka chagada amadzitembenuza yekha, mwezi watha anafundula khungu lonse lathunthu osaduka, ndipo pakhola pali zoyezera kutentha ziwiri, china cholira chikaona kuti madigiri akwera. Tibwereranso kuchipatala mu Ogasiti kukamuyeza thupi, ndipo kope la mayi a kunyumba tipita nalo.