Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Chaka chimene amayi anayamba kuimba foni popanda maliro

Mu gawo lapitali ndinalekezera pamene tinamaliza kumanga chiliza cha bambo, aliyense n'kubwerera kumene amakhala. Ine ndinabwerera ku Area 36 ku Lilongwe limodzi ndi mlongo wanga, mzime wathu, amene nthawi imeneyo ankagona pabalaza panga. Mng'ono wanga anapita kubanja kwake ku Dedza. Amayi anatsala okha ku Lizulu ndi kamdzukulu kowatungira madzi.

Kwathu tinakula ndi lamulo limene palibe anachita kulilengeza. Nkhani yoipa inkathamanga, yabwino inkakhala m'nyumba. Munthu akamwalira m'mawa, pofika madzulo uthenga unkakhala utafika ku Ntcheu boma, ku Dedza, mpaka kutsidya kwa msewu wa M1 ku Angonia, kumene kuli abale ena a bambo. Tili ana tinkazungulira wailesi kumvera mauthenga a maliro pa MBC, kudikira ngati patuluke dzina lodziwika. Koma mwana akakhoza mayeso, mbuzi ikaswa awiri, kapena wina akaitanidwa ku intavyu, amayi ankatsitsa mawu n'kunena kuti, "Khalani chete, anthu si abwino." Mkazi woyembekezera ankangoti sakupeza bwino m'thupi, mpaka chitenje chitakana kubisa.

Ankati ndi kuopa nsanje ndi anthu oyenda usiku. Nditakula ndinaona kuti pali chifukwa china chimene sitikonda kuchitchula. Ukangomveka kuti walembedwa ntchito, mawa lake pakhomo pafika msuweni ndi pepala la fizi, mkuja azakhali akufuna ya feteleza, ndipo malipiro oyamba amatha usanawaone n'komwe. Sindikunyoza, inenso ndinaphunzira ndi ndalama za amalume. Koma mapeto ake tinasanduka banja lodziwana pamavuto pokha. Nambala ya kumudzi ikaoneka pafoni, ndinkayamba ndakhala pansi ndisanayankhe.

Ndiye kunabwera 2024, chaka chimene palibe ankayembekezera chabwino chilichonse. Kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu m'sitolo n'kukwera mitengo tsiku lomwelo. Mvula inadula pakati pa dzinja chifukwa cha El Niño, chimanga chili pafupi kumasula, ndipo mu Malichi Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti m'maboma 23 mwa 28 mwagwa tsoka. Kwa amayi nkhokwe sinafike ndi pakati pomwe. Ife tinkakambirana zowatenga kuti adzakhale kutauni, iwo anakana kwamtuwagalu. Anati dimba la bambo lili kudambo likungomera nsenjere, ndipo iwo manja akadali nawo.

Dimba limenelo bambo ndiwo ankalisamala, amayi ankangopitako kukathyola ndiwo. Koma zikuoneka kuti zaka zonsezo ankaona ndi maso. Anadikira kuti chisanu cha Juni ndi Julayi chichepe, chifukwa ku Lizulu kudambo kumazizira moti matimati amapserera usiku umodzi, kenako anafesa mbewu ya Tengeru panazale n'kuphimba ndi udzu. Patapita mwezi anawokera. Thumba lathunthu la feteleza sakanalikwanitsa, choncho anapanga manyowa a Mbeya monga anawaphunzitsira alangizi: madeya, phulusa losefa, ndowe zouma za mbuzi zosinja bwino, feteleza pang'ono wogula pamuyeso, kuwaza madzi kuti zingonyowa osati kuchita phala, n'kutsekera m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati kwa masabata atatu. Kuthirira kunali kwa makheni awiri, kutunga pachitsime cha m'dimba momwemo, m'mawa ndi madzulo. Chitsamba chilichonse anachizikira kamtengo n'kuchimangirira ndi tizingwe tong'amba ku masaka akale, ndipo mphukira zam'mbali ankazithyola ndi chikhadabo. Kambozi kaja koboola masamba ndi zipatso, kamene alangizi amati Tuta absoluta, kanawalowera mzere wa m'mphepete, iwo n'kumathothola masamba ogwidwa kukawakwirira kutali, n'kubwereka sipuleya kwa aneba. Zonsezi ndinadzazimva pambuyo pake. Nthawi imene zinkachitika sanatiuze kanthu.

Tsiku lina mu Novembala foni inalira kusanayere. Amayi nthawi zonse amangofulasha kuti ine ndiimbe, koma tsiku limenelo anaimba okha mpaka ndinayankha.

"Amayi, kwagwanji?"

"Iwe, palibe chagwa. Matimati apsa."

"Ndiye mukundidzutsa usiku uno chifukwa cha matimati?"

"Nanga ndiuze ndani? Bambo ako kulibe."

Anafotokoza mpaka mayunitsi anawathera. Anati athyola mabeseni atatu dzulo lake, ena akadali biriwiri pamtengo, ndipo pali limodzi lalikulu ngati chibakera cha mwamuna limene sagulitsa, adya okha. Foni itaduka ndinakhala pamphasa kwa kanthawi. Ndinazindikira kuti lamulo lija silinali lobisira aliyense. Amayi anali ndi munthu mmodzi womuuza zabwino zonse, madzulo akamadya nsima, ndipo zinkathera pomwepo. Munthuyo atachoka, nkhani zinasowa kolowera.

Loweruka lotsatira ndinapita. Inali nthawi ija mafuta anasowa m'dziko muno, magalimoto akugona pamizere, ndipo minibasi zinakweza mitengo mmene zinafunira. Ndinawapeza pamsika wa Lizulu atakhala pakati pa azimayi anzawo, kumbuyo kuli milu ya kachewere ndi kabichi, akukangana ndi venda wa ku Blantyre amene ankati matimati awo ndi aang'ono. Amayi anatola limodzi, analipukuta pachitenje, n'kumupatsa kuti alifinye. "Lofewa limenelo? Lifika ku Limbe lili chomwechi." Vendayo anatenga mabeseni awiri. Ndalama anazimanga pansonga ya chitenje, ndipo pobwerera anaima pagolosale kugula mayunitsi ambiri kuposa amene ndinawaonapo akugula.

Kuyambira pamenepo foni sinapume. Nkhuku yaswa anapiye. Mpiru wamera. Kamdzukulu kakhala nambala 4 m'kalasi. Mtima wanga unatenga nthawi kuti uzolowere.

Mu Disembala inafika nkhani ya mlongo wanga. Mnyamatayu anaphunzira zamagetsi ku koleji ya ntchito zamanja, mapepala ali nawo, koma kwa zaka ankangoyenda ndi envulopu ya khaki. Ankagwira maganyu olumikiza mawaya m'nyumba za anthu, ena osamulipira, mpaka anayamba kuyendetsa kabaza ya njinga yamoto ya munthu wina, madzulo n'kukapereka ya bwana. Ndiye kampani ina ku Kanengo inamuitana. Atabwera ndi kalata anatseka chitseko kaye asanandionetse.

"Achemwali, musauze munthu mpaka ndilandire yoyamba."

Ine ndinasunga. Koma iye mwini sanapirire, usiku womwewo anaimbira amayi, akuganiza kuti akuuza amayi akale aja. Pofika Lamulungu amayi onse a Chigwirizano anali atamva, ndipo anayamika nawo m'pemphero, dzina la mwana n'kutchulidwa mokweza.

Zimene tinkaopa zinachitikadi. Amalume anatumiza uthenga woti denga likudontha, malata asanu okha akwana. Msuweni wina amene sitinamuone ngakhale pamaliro a bambo anaimba kufunsa ngati kumeneko sakufuna mlonda. Mlongo wanga anakwiya, anati amayi amugulitsa. Koma sabata yomweyo kunabweranso foni ina. Mayi wina wa ku Chigwirizano komweko anali ndi mwana wake ku Area 25, kufupi ndi Kanengo, amene anali ndi chipinda chakuseri chopanda munthu. Anati mnyamatayo akhalemo, lendi adzayambe mwezi wachiwiri. Kuchokera ku Area 36 akanamakwera minibasi ziwiri kupita, ziwiri kubwera, theka la malipiro n'kuthera mumsewu. Chipinda chimenecho sakanachipeza nkhani ikanakhala m'nyumba. Amalume anawatumizira ya malata awiri n'kuwauza mwaulemu kuti enawo adikire, ndipo sanafe nazo. Pa malipiro oyamba amayi analandira chitenje, shuga, ndi kheni yatsopano, chifukwa imodzi mwa zakale zija inali yomata ndi phula.

Pa nkhani ya mng'ono wanga pokha m'pamene amayi sanasunthe. Anali woyembekezera miyezi yonseyi, amayi akudziwa, ine ndikudziwa, koma pafoni sitinkaitchula. Ankangofunsa kuti, "Uja wa ku Dedza akudzuka bwanji?" Mwana anabadwa mu Januwale 2025, wamkazi, ndipo ngakhale pamenepo anauza ife a m'nyumba tokha. Anadikira mchombo ugwe, mwana atuluke m'chikuta, kenako m'pamene anatsegula pakamwa. Anandiimbira ndili m'minibasi n'kuyamba ndi nthungululu, osapereka ndi moni womwe, moti mayi amene ndinakhala naye pampando anandifunsa kuti kwabadwa mwana wanji. Ndinapita kukaona mwana ndi sopo, matewera ndi chitenje. Apa sindiwatsutsa amayi. Ntchito ikakanika munthu amafuna ina, koma pakati pali zambiri zimene zingachitike, ndipo amayi anaika ana awiri ine ndisanabadwe.

Pobwerera ku Dedza ndinadzera ku Lizulu. Dimba linali litamira ndi madzi a dzinja, ntchito yonse itasamukira kumunda, koma kuseri kwa khitchini anali ndi kanazale ka anyezi ndi mpiru. Anazula mbande, anazikulunga m'tsamba la nthochi ndi dothi lake, n'kundiika m'chikwama.

"Kutauni kulibe malo, amayi."

"Masaka ulibe?"

Ndinadzaza masaka a simenti ndi dothi losakaniza manyowa a nkhuku, n'kuwandandalika m'mbali mwa mpanda kuseri kwa nyumba ya lendi. Ndinkathirira ndi madzi otsukira mpunga ndi otsukuluzira mbale, opanda sopo. Mpiru unagwira msanga, anyezi anachita ulesi. Tsiku limene ndinathyola ndiwo zoyamba ndinaimba ku Lizulu, ndipo amayi anandifunsa mafunso ambiri kuposa amene anafunsa nditapeza ntchito: masamba ndi aakulu bwanji, nsabwe zayamba kapena ayi, ndathira phulusa?

Amene sanakondwere ndi alandilodi. Pampanda pathu mita ya madzi ndi imodzi ya nyumba zinayi, ndipo bilu ya mwezi umenewo itabwera yokwera, maso onse anapita pa masaka anga. Anaitanitsa msonkhano wa alendi onse Lamulungu masana, pansi pa mtengo wa mango. Zimene zinakambidwa kumeneko, ndi mmene nkhuku za aneba zinalowerera m'nkhaniyo, ndidzafotokoza mu gawo 18.